Ndinamuyang'ana Makutu Ngati Kankhosa

Amene ananditengera ku Joni anandiuza kuti ntchito yake ndi ya m'shopu ya Mmwenye, kusesa ndi kulongedza katundu. Ndinasiya chilimira, ukonde wa usipa wa eni ake ku Lungwena, ndinasiya mkazi wanga Asiyatu ukwati ukadali wauwisi, n'kukwera basi ndi chikwama chimodzi ndi kajumbo ka usipa wouma. Tinadutsa pa Mwanza, Tete, Zimbabwe yense, miyendo mpaka kutupa. Titafika, transipota uja anandipereka kwa munthu wina, winayo n'kundikweza kumbuyo kwa kagalimoto, ulendo wa tsiku lathunthu, mpaka kukanditsitsa pa famu yopanda ndi mtengo umodzi womwe. Udzu wokhawokha, mphepo, ndi nkhosa. Shopu ija sindinaione mpaka lero. Kuyambira pamenepo, munthu akandiuza kuti kunja kwacha ndimayamba ndasuzumira kaye ndekha.

Pa famupo ndinapezapo Mmalawi mmodzi yekha, Che Jafali a ku Makanjira. Makolo awo anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ija, ndiye ankakonda kunena kuti iwo kusamuka anachita kuyamwira. Anali aakulu kwa ine, ndevu zaimvi, dzino lakutsogolo kulibe. Tinkagona m'chikontena chachitsulo chobooledwa mawindo. Nyengo yachisanu madzi a m'ndowa ankauma gwa, moti kutawaza m'mawa kunkafuna kulimba mtima. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kutsendera manyuzi m'majombo, kuphika ndi ufa wa kumeneko wosamva madzi uja, ndi kugona chafufumimba m'ngalande galimoto ya apolisi ikaonekera pa msewu wafumbi, poti mapepala athu anali atatha kalekale. Mzikiti unali kutali, ndiye Lachisanu tinkangoswali awiriwiri, iwo patsogolo ine pambuyo, nkhosa zikulira panja.

Famuyo inali ya mzungu, koma khola limodzi analibwereketsa kwa anthu a ku yunivesite ina. Woyang'anira kholalo anali mayi wachitsikana wovala magalasi, amene tonse tinkawatcha a Dokotala ngakhale udokotala wawo unali wa ziweto zokha. Ine anandiika kwa iwowo.

A Dokotala sankafuna ana a nkhosa onenepa ayi. Ankafuna tonyentchera, tija timabadwa tochepa ngati mphaka, timene mlimi sataya nato nthawi. Komanso osati konyentchera kalikonse. Apa mumvetse bwino, chifukwa nkhani yanga yagona pamenepa. Pali kankhosa kobadwa masiku asanakwane, ndiye pali kobadwa masiku atakwana bwinobwino koma kochepa, chifukwa m'mimba mwa make chakudya chinkafika moperewera. Iwo ankafuna kachiwirika.

Nkhosa za pa famu pathu sizinkavuta. Yamphongo ankaimangirira choko chamtundu pachifuwa, ndiye ikakwera yaikazi inkasiya chizindikiro pamsana. Iyi chofiira, iyo chobiriwira, mphongo iliyonse mtundu wakewake. M'mawa tinkangoyenda n'kumaona kuti iyi yakweredwa, ndipo waikwera ndi uje. Bambo wake ndi tsiku lake, zonse poyera. Koma tinkhosa tina tinkachokera ku mafamu oyandikana nawo kumene kunalibe choko, ndipo pamenepo pankafunika maso. A Dokotala anandiphunzitsa. Kobadwa msanga makutu ake amakhala ofewa, ukapinda sabwerera. Ziboda zofewa, ubweya wosalala ndi wapatalipatali, kuyamwa kwake kwaulesi. Kokwana masiku khutu limabwerera pompo, ubweya wopotana, mutu waukulu pa kathupi kopanda kanthu, nkhope ngati ya nkhalamba. Posapita nthawi ndinkangokanyamula, kupinda khutu ndi chala, n'kunena. Sindinkaphonya kawirikawiri, ndipo ndinkanyada nazo, eee, ndinkanyada.

Tosankhidwato tinkakhala m'magulu awiri. Gulu lina ndinkalimwetsa mkaka wamba wa m'botolo, lina mkaka wothira ufa wachikasu umene unkasungidwa m'firiji. Ufawo unkadetsa zala, sopo osauchotsa. Pakapita masabata angapo, kalikonse a Dokotala ankakabaya jakisoni wogonetsa osadzukanso, n'kukang'amba mwachangu, kuchotsa chiwindi, kudula tizidutswa, n'kuponya m'chigubu chofuka nthunzi yozizira. Nyama yonse tinkaitentha m'dzenje. Ngakhale kamwendo kokha sankatilola kudya.

Zimenezi Che Jafali sizinkawagoneka tulo. "Mphwanga," ankatero uku akutokosa moto wa m'dzenjemo, "unaona kuti munthu wotaya nyama n'kusunga chiwindi? Kwathu wochita zoterezi timamudziwa dzina lake. Usaone magalasiwo. Nkhosazi zikadzatha, adzatembenukira kwa ife."

Ine sindisunga funso m'mimba. Tsiku lina ndinawafunsa a Dokotala maso ndi maso, ndi Chizungu changa chothyokathyoka, kuti ziwindizi zimapita kuti. Anaseka, kenako anakhala pa thumba la chakudya cha nkhosa n'kundifotokozera. Anati m'chiwindi muli tinthu tosaoneka ndi maso, dzina lake mitokondiriya, dzina limene lilime langa linalikana kwa sabata yonse. Anati tili ngati timbaula: timatentha chakudya kuti thupi lipeze mphamvu. Kankhosa kakamanidwa m'mimba, thupi limatumiza chakudya chochepacho kumutu, chiwindi n'kutsala chaching'ono, timbaula take tofooka, tofuka m'malo moyaka, ndipo utsi wakewo umawononga chiwindi pang'onopang'ono. Ufa uja, wochokera ku chikasu chomwechi timachidziwachi koma chosefedwa kwambiri, ankafuna kuona ngati ungachepetse kuwonongekako. Pa sikelo sizioneka, anatero, n'chifukwa chake ankafuna chiwindi chenichenicho.

"Ndiye ukugwira ntchito?" ndinafunsa.

Anati sakudziwa, ndiye chimene akufufuzacho.

Yankho limenelo silinandikhutitse. Sukulu yonse ija, galimoto, chigubu chautsi, n'kumati sakudziwa? Nditawauza Che Jafali anangoti, "Akuuza zoti uuzidwe."

Nditakhala nthawi yaitali ndithu, ndinapempha tchuthi n'kubwera kudzadya Idi kumudzi. Ndinkakhala chikamwini kwawo kwa Asiyatu, pafupi ndi nyumba ya amayi ake ndi ya amjomba ake, Che Twaibu, amene analinso ankhoswe athu. Ndinamubweretsera bulangeti lolemera ndi foni yoonerana nkhope. Masiku amenewo anali okoma, sindinama. Ndinkakhala pakhonde zala zanga zachikasu zili poyera, anthu n'kumafunsa, ine n'kumasimba: za choko cha mphongo, za ufa, za chigubu. Ndinafika pogwira kambuzi ka apongozi n'kuonetsa mmene ndimapindira khutu. Asiyatu anaseka mpaka kugwira nthiti, amvekere, "Ndiye ku Joni konse kuja munapitira uzamba wa nkhosa?" Mwezi usanathe ndinabwerera ku ntchito.

Sipanapite nthawi anandiimbira kuti ali ndi pakati. Ine ndi Che Jafali tinagula nkhuku kwa Msutu wina amene tinkagwira naye ntchito, tinachinja, tinadya mpaka kutafuna mafupa.

Kenako tsiku lina masana, ndili m'khola botolo lili m'manja, foni inalira. Anali achemwali anga a Patuma.

"Achimwene, akazi anu achira. Mwana wamkazi."

"Achira? Lero? Nanga si nthawi yake ikadali kutali?"

"Ndiye ndakuimbirani chifukwa chomwecho. Kamwana kake n'kochepa, kokwana m'chipewa chanu. Iwo akuti kabadwa masiku osakwana. Koma ine ndakaona ndi maso angawa. Tsitsi lili bii, maso ali tong'oo, nkhope ngati ya gogo. Inu munapitako kusukulu, werengani nokha."

"Mukutanthauza chiyani, achemwali?"

"Ine sindinanene kanthu. Koma wogula usipa wa ku Limbe uja, wa njinga yamoto, amene ankasungitsa matumba kwa apongozi anu, anasiya kubwera sabata imene inu munafika. Basi, mayunitsi atha."

Ndinaika botolo pansi n'kuwerenga miyezi pa zala kuyambira pa Idi. Zala ziwiri zinatsala chiimire. Ndinayambiranso, zinatsalabe. Ngati mwanayo anabadwadi msanga, ndi wanga. Ngati anakwana masiku koma n'kungochepa, ndiye kuti ndinapeza mimba ili kale m'nyumba. Mawu akuti nkhope ngati ya gogo sanandichoke m'mutu, chifukwa ndi mmene ndinkadziwira tinkhosa ta a Dokotala. Komanso a Patuma ndinkawadziwa. Chikwatirire ine, zimene ndinkapeza zinasiya kufikira kwa iwo, ndipo Asiyatu sankamufuna ndi pang'ono pomwe. Analiponso pakhonde paja pamene ndinkasimba, mwina anangondibwezera mawu anga omwe. Ndiye wonama ndani? Ndinawakayikira onse awiri.

Che Jafali nditawauza anayamba ndi kuseka, mpata wa dzino uja uli poyera. "Akazi athu alibe choko pamsana, mphwanga." Ataona kuti ine sindikuseka, anakhala pansi. "Tamvera. Mwa ana anga ku Makanjira alipo wina woyera kuposa tonse, mphuno yakenso si ya kwathu. Anabadwa ine ndili kuno. Sindinafunsepo munthu. Ndi amene amandiimbira Lachisanu lililonse. Iwe pereka dzina, utumize ya mbuzi ya hakika yochinja potcha mwana dzina, nkhani ithe."

Ndinawayang'ana modabwa. Munthu yemweyu amene ankaona ufiti m'chigubu cha a Dokotala, za m'nyumba mwake ankatseka maso dala. Ndinaganiza kuti ukalamba wawafooketsa.

Asiyatu anandiimbira ali kuchipatala, mawu ali pansipansi. Anati mwanayo amumangirira pachifuwa, khungu ndi khungu, usana ndi usiku osamuchotsa, amati kangaru. Anati akuopa kugona kuti angamupsinje. Mtima unandiwawa, Walahi unandiwawa. Kenako anati, "Bambo, dzina. Mwana woyamba dzina limachokera kwanu. Anamwino akungomutcha mwana wa Asiyatu."

"Dikirani kaye, Abiti," ndinatero. "Ndikuganiza."

"Mukuganiza chiyani? Si munkati akadzakhala wamkazi adzatenga dzina la malemu amayi anu?"

"Ndati dikirani."

Patapita masiku, amene anaimba anali Che Twaibu. Titapatsana salamu, analowa m'nkhani mosazungulira. Anati azimayi kumudzi akhala pansi, ndipo akuti mwana kubadwa chonchi ndi ndaka, ija ena amati tsempho: bambo akayenda ndi mkazi wina mkazi wake ali ndi pakati, zimagwera mwana.

Ndinalumpha ngati ndaponda moto. "Ine? Mkazi wake uti, amjomba? Kuno kuli nkhosa ndi Che Jafali basi! Mukufuna ndiwapatse foni muwamve mawu ngati ndi a mkazi?"

"Musakweze mawu, akamwini, ine ndangotumidwa. Ngati mulibe mlandu, chabwino. Tsono pali china. Munatiuza nokha pakhonde kuti muli ndi ufa wopatsa tiana tobadwa tochepa. Tumizani pang'ono pa transipota, mwanayu apeze mphamvu."

Taonani zimenezo. Ine ndikuwakayikira iwo, iwo akundikayikira ine. Ndipo ndinaganiza kuti nkhani ya ndakayi aiyambitsa dala, kuti ine nditanganidwe ndi kudziyeretsa ndisawerenge zala.

Za ufazo ndinawafunsadi a Dokotala. Nkhope yawo inasintha nthawi yomweyo. Anati ayi, ndisayerekeze n'komwe. Ufawo sunayesedwepo pa mwana wa munthu, ngakhale pa nkhosa pomwepo sakudziwa mapeto ake, ndipo kamwana kotero chiwindi chake sichingapirire zinthu zoyesera. Anati chimene akufunika ndi bere la make, kutentha, ndi anamwino amene ali naye pafupi. Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi chimene Asiyatu anatumiza, kamutu kali tuu pakati pa nsalu. Ndinati andiuze, uyu ndi wobadwa msanga kapena wokwana masiku? Anayang'ana chithunzicho, n'kundiyang'ana ine nthawi yaitali. Anati iwo amadziwa nkhosa, za anthu ndikafunse anamwino, komanso mwana akhoza kubadwa msanga n'kukhalanso wochepa kuposa msinkhu wake, zonse ziwiri pamodzi. Ine ndinaona ngati aona kanthu koma akundibisira. Mawa lake ndinapeza firiji ya ufa ija ili ndi loko, kiyi ali m'khosi mwawo.

Nditawauza Che Twaibu kuti ufa sutheka, anati, "Nkhosa ya mzungu mukuimwetsa, mwana wanu mukumumana. Dzina mwakana, mankhwala mwakana. Tamva, akamwini." Ndinayesa kufotokoza za chiwindi ndi timbaula, koma ndinkalankhula ndi foni yoduka kale.

Ndiye ndinati ndidzionere ndekha. Maso ndinali nawo, ntchito ndinkaidziwa. Ndinakwera pa kachulu kuseri kwa khola kumene netiweki inkagwirako bwino, n'kumuimbira Asiyatu poonerana nkhope. Anasangalala, maskini. Anamasula nsalu pang'ono, n'kuyandikitsa foni.

"Mwamuona? Lero wayamwa yekha."

"Ndamuona. Tandionetsani mutu wonse. Chotsani kachipewako."

Anachotsa.

"Zikhadabo. Mapazi."

Anandionetsa uku akuseka. "Mapazi ake ndi anu, otambalala."

"Tsopano khutu. Lipindeni ndi chala, kenako mulisiye."

Analipinda, n'kulisiya. Nthawi yomweyo chithunzi chinaima, netiweki ija. Pamene chinkayambanso kuyenda, khutu linali litabwerera kale. Linabwerera pompo kapena mochedwa? Sindinaone.

"Bwerezani."

Anabwereza, chithunzi n'kuchita mbuu ngati pali chifunga.

"Bwerezaninso, koma pang'onopang'ono."

Sanabwereze. Foni inatembenuka, ndinaona nkhope yake, maso olowa m'kati, milomo youma. Kuseka konse kunali kutatha.

"Mukumuyeza," anatero. "Mukumuyeza ngati kambuzi ka amayi kaja."

"Abiti, ine ndikungofuna..."

"Dzina lija mukuliganizira pamenepa eti? Ine ndili pano chigonere chokhala, msana ukuphulika, mwana akupuma ngati asiya, inu muli pa chulu kuwerenga zala? Astaghafirullah! Mwana wanga si wa m'khola mwanu."

Anadula. Ndinaimbanso, foni inali yozima. Inakhala yozima mwezi umenewo ndi miyezi yotsatira. Zimene ndinkatumiza Che Twaibu ankalandira n'kuyankha mawu amodzi okha, zafika. Kuti mwanayo ali moyo ndinkamvera kwa a Patuma, amene nthawi iliyonse ankawonjezerapo kena, lero akuti mphumi si yathu, mawa akuti khungu. Inu mukanatani? Mwamuna ali kutali, miyezi yosakwana, wina akuti ichi wina akuti icho. Kufuna kudziwa ndi mlandu? Ndinkagwira ntchito mtima uli kwina, kumwetsa tiana ta eni ake, kutenthetsa tozizidwa m'jekete, kenako kukatentha mitembo yake kudzenje. Ndinaonda mpaka lamba kusowa pobowola.

Kafukufuku wa a Dokotala anadzatha. Anapakira zigubu zawo m'galimoto, anandigwira chanza, n'kupita, osandiuza ngati ufa uja unathandiza kapena ayi. Anati ziwindizo akaziunika kaye ku yunivesite. Mzungu wa famu anati antchito achuluka, ine ntchito inathera pomwepo. Che Jafali anandiperekeza mpaka pa msewu waukulu, atandinyamulira chikwama. Potsanzikana anandigwira dzanja osalisiya. "Ukakafika, ukamunyamule mwanayo n'kutchula dzina. Usakayang'ane kalikonse. Wamva?" Ndinati ndamva, ndipo m'basi monse muja ndinkadziuza zomwezo.

Ku Lungwena ndinapeza nyanja italowa mpaka pamene panali mathandala oyanikira usipa, anzanga a pa chilimira ena atapita ku Joni, ena atakwatira kachiwiri. Ndinafikira kwa a Patuma, koma sindinawalole kuti ayambe nkhani. M'mawa mwake ndinagula mbuzi ya hakika, ndinavala mkanjo woyera, n'kuikoka mpaka kwawo kwa Asiyatu.

Anandiyalira mkeka pansi pa mtengo wa mango, ngati mlendo. Che Twaibu anakhala pampando. Patapita kanthawi Asiyatu anatuluka, mwana ali m'manja. Anali atayamba kukwawa. Wochepa ndithu, timikono ngati timitengo, koma maso amoyo, akukoka mpango wa make.

"Ndabwera ndi mbuzi," ndinatero. "Ndabweranso ndi dzina."

"Dzina ali nalo," anayankha Asiyatu. "Ndi Zainabu. Anamutcha ndi amjomba."

Ndinayang'ana Che Twaibu. Iwo anayang'ana pansi.

"Sabata ija munandiyezera mwana," anapitiriza Asiyatu, "ndinadwala malungo, thupi kutentha moti anamwino anati ndimuchotse pachifuwa. Amayi anali ndi chifuwa, anawakaniza. Anamwino anafunsa kuti bambo wake ali kuti. Amjomba awa, ndi imvi zawozi, anavula mkanjo pakati pa azimayi, anawamangirira mwanayu, anakhala naye pa benchi mpaka ine nditachira. Ndiye mukanafuna atchedwe ndi ndani?"

Manyazi anandigwira, komanso mkwiyo, chifukwa palibe anandiuzapo zimenezi.

Che Twaibu anakonza pakhosi. Anati iwo sakufuna ukwati uthe, mwana wawo wavutika mokwanira, ndipo mbuziyo ikhoza kuchinjidwa mawa ngati tagwirizana. Koma Asiyatu anali ndi mawu ake, ndiye ndiwamve.

"Namwino amene anamulandira mwanayu akadali pachipatala pomwe paja," anatero Asiyatu. "Wamfupi, wa ku chipinda cha ana obadwa ochepa. Akudziwa zonse zimene mukufunazo. Mukafuna pitani mukamufunse. Koma mukapita, kuno musabwerenso. Mukapanda kupita, lowani m'nyumba, madzi osamba ndikuikirani, nkhani imeneyi isadzatulukenso pakamwa panu mpaka imfa. Sankhani."

Mwana uja anali atatsika n'kukwawira pa mkeka, akugwira chala changa chakuphazi. Ndinamva kutentha kwa kadzanja kake. Ndinkafuna kulowa m'nyumbamo, Mulungu ndi mboni. Koma mutu wanga unali utayamba kale ntchito yake. Bwanji akundiloza kwa namwino uku akunditsekera njira? Munthu wopanda chobisa amaika chilango pa funso? Kapena akudziwa kuti ndichita mantha, ndiye nkhani ifere pomwepa, ine ndilere mwana wa wogula usipa moyo wanga wonse, anthu akundiseka kumbali?

Ndinati ndikatenge kaye chikwama changa kwa a Patuma. Asiyatu anandiyang'ana, n'kutola mwana wake.

Pa msewu ndinaima. Kwa a Patuma kunali kumanja. Wakabaza anaima pafupi n'kufunsa kuti bwana tikupita kuti, ndipo pakamwa panga panatchula chipatala.

Namwinoyo ndinamupeza akudya chinangwa chophika kuseri kwa chipinda chija. Ndinati ndine bambo wake wa mwana wa Asiyatu wa ku Lungwena, uja anafungatiridwa ndi mkulu wa ndevu.

"Ooo, ndinu bambo ake aja a ku Joni?" anatero. "Ameneyo sitingamuiwale. Anabadwa msanga kwambiri uja, miyezi isanakwane. Khungu lake linkaoneka mitsempha, kuyamwa sankatha, masiku oyamba tinkachita kumumwetsa mkaka wa make ndi kakapu. Ali bwanji pano?"

Ndinakhala pa khonde la chipatala n'kulira ngati mwana, anthu akundidutsa. Wanga! Mwana wanga, mapazi otambalala ndi angadi! Ndinathamangira pa msika, ndinagula kadiresi kofiira ndi tinsapato, n'kukwera kabaza wina, ndikumuuza kuti apalase ngati akuthawa ng'ona.

Mbuzi ija ndinaipeza itamangidwa pa mtengo wa m'mbali mwa msewu, kunja kwa mpanda. Pambali pake panali thumba la zovala zanga zimene ndinasiya pa Idi, ndi bulangeti lija litapindidwa bwinobwino pamwamba. Che Twaibu anali ataima pa chipata.

"Chikwama chili kuti, akamwini?"

Ndinayang'ana kadiresi kali m'manja mwangamo.

"Mwapita?"

Wakabaza woyamba uja anali wa m'mudzi momwemo, ndiye kunama kukanangondichotsa ulemu wotsalawo. Ndinati ndapita. Ndinati amjomba, mwanayo ndi wanga, namwino wanena, ndiloleni ndilowe ndimuuze Abiti kuti zatha.

"Iye ankadziwa kale kuti ndi wanu," anatero Che Twaibu. "Mwapeza chimene mumafuna. Mwana ndi wanu, palibe adzakuletseni kumuona. Koma nyumba ino ndiye ayi."

Ndinaitana Asiyatu ndili pa chipata pomwepo, kawiri, katatu. Chitseko chinali chotsegula, ndinkamva mwana akusewera ndi mbale m'katimo, koma iye sanatuluke. Kadiresi kaja analandira ndi Che Twaibu.

Talaka yothetsa ukwati tinapereka mvula isanagwe. Asiyatu anakwatiwa ndi mphunzitsi wa madarasa, osati wogula usipa uja, zimenezo ndinafufuza. Zainabu pano amapita kusukulu, wamfupi kuposa anzake onse koma liwiro lake palibe amamupeza. Amabwera kwanga Loweruka lina, amandipatsa salamu mwaulemu, amadya, dzuwa likapendeka amati akupita kwawo. Ine ndinabwerera pa chilimira. Ndimamugulira makope ndi yunifolomu, ndipo aliyense wofunsa ndimamuuza kuti ndi mwana wanga.

Chimene chimandivuta mpaka lero n'chimodzi chokha. Namwino uja ana amene amadutsa m'manja mwake ndi osawerengeka. Koma tsiku lija sanaime n'komwe kuti akumbukire. Anayankha msanga kwambiri, ngati munthu amene ankandidikira.